Tsiku Limene Njuchi Inatsala Pageti

Kunyumba kwathu ku Chileka timangoti njuchi, koma dzina lake lenileni ndi dironi. Ndi kandege konyamula kamera, kukula kwake ngati lichero laling'ono, kokhala ndi timapiko tinayi tozungulira. Bambo a mwana wanga amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo anakagula kwa mnzawo wina wochokera ku Joni. Masiku ano akwati safuna vidiyo yapansi pokha. Amafuna aonekenso kuchokera kumwamba, akutuluka mumzikiti kapena mutchalitchi, galimoto zitandondozana pamsewu.

Dzinali anatcha ndi mwana wathu wamkazi, asanayambe ngakhale sukulu ya mkaka. Ku Chileka kandegeko sikauluka, chifukwa tili pafupi ndi bwalo la ndege ndipo lamulo limaletsa. Bambo ake salimbana nalo lamulo limenelo. Pofuna kuphunzira kuulutsa ankapita nako kwathu ku Lirangwe, kumunda kwa amayi anga, chimanga atakolola. Tsiku loyamba katangoyamba kulira, mwana anandikumbatira miyendo n'kufuula kuti, "Amama, njuchi!" Amayi anga anaseka mpaka kukhala pamzere. Kuyambira pamenepo aliyense amati njuchi, ngakhale eni ake akamafunsa ngati ndaitchaja.

Ine ndine munthu wamanyazi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ngakhale kumeneko sindinkakweza mkono. Pagulu, makamaka pakakhala azibambo, mawu amandithera pakhosi, ndimangokoka nsonga ya mpango kutseka pakamwa. Anthu anazolowera kundisankhira zinthu. Amangoti, "Awa savuta," ine n'kugwedeza mutu. Sindinena kuti amandizunza, ayi. Nthawi zambiri zimene amandisankhira zimakhala zabwino ndithu.

Chaka chimenecho msuweni wanga wa ku Lirangwe anakwatiwa. Bambo ake, amalume anga, ali ndi shopu pamsika, ndipo ndi munthu wokonda kuchita zinthu zoti anthu azikamba. Anati ukwati ukatha atenga minibasi yonse, akwati ndi abale ochepa apite kunkhalango ina yosungira nyama kuchigwa, akajambulidwe pakati pa nyama. Wojambula anali bambo a mwana wanga. Msuweni wanga ndi amene anakakamira kuti ine ndi mwana tikhalepo.

Sindinauze munthu mmene ndinkafunira ulendo umenewo. Njovu ndinali ndisanaionepo, kupatula m'buku la kusukulu ndi pa TV ya aneba. Sabata yonse ndinkangoiganiza ndikamatsuka mbale. Ndinachapa ndi kusita zovala kudakali masiku, ndinakazinga mandasi odzaza ndowa, ndinagulira mwana chipewa cha dzuwa.

Tikukwera minibasi pa Lirangwe m'mawa, amalume anafunsa, "Akamwini, kandege kanu kaja akakalola kumeneko?"

"Chilolezo ndili nacho, malume," anayankha bambo a mwana, akugunda thumba la malaya. Munali pepala limene anakatenga mutauni kwa anthu oona za ndege, atalikutira ndi pulasitiki kuti lisanyowe. Ankalinyadira kwambiri pepala limenelo, chifukwa anzawo ambiri ojambula alibe.

Chikwama cha njuchi anandipatsa ine kuti ndichifungatire. Anati kumbuyo kuli ndowa ndi mapoto, chingaphwanyike. Ndiye ulendo wonse ndinakhala ndi chikwama chakuda pamiyendo, mwana pambali panga. Tinadutsa Lunzu, tinadutsa mutauni, kenako tinayamba kutsetsereka mapiri, msewu ukukhotakhota mpaka makutu anga anatseka. Kumunsi kunali kutentha kwina, kosiyana ndi kwathu, kokhala ngati munthu waima pafupi ndi uvuni wa njerwa.

Pageti la nkhalangoyo tinaima. Bambo a mwana ndi mkwati anatsika kukalipira pawindo la ofesi. Kuminibasi kunabwera mayi wina wa yunifomu yobiriwira, wa nsapato zazikulu, tsitsi lometa. Anali mmodzi wa alonda a nyama, amene anthu amangowatchula kuti agemu. Ine sindinkadziwa kuti ntchito imeneyo akazi amagwiranso.

"Takulandirani nonse. Mfuti, malegeni, agalu, palibe?"

"Legeni tinasiya kalekale, mwana wanga, taonani imvizi," anatero amalume ali kumpando wakutsogolo.

Mayiyo anaseka, nasuzumira mkati. Maso ake anafika pa ine. "Nanga amayi, m'chikwama chakudacho muli chiyani?"

Minibasi yonse inatembenuka kundiyang'ana. Dzina lenileni la chinthucho ndinkalidziwa, koma linangouluka m'mutu. Ndinakoka mpango. Mwana ndi amene anayankha, mokweza, monyadira.

"Muli njuchi ya ababa!"

Mayi uja anabwerera m'mbuyo. "Njuchi? Yamoyo?"

"Eee. Imauluka. Imalira kwambiri, koma siluma."

Msuweni wanga anaseka mpaka misozi kuononga zodzola za kumaso. Amalume ankamenya chitseko ndi chikhatho. Ine ndinatsegula zipi, mayiyo n'kuona timapiko tija.

"Ooo, dironi," anatero. Kenako anayang'ana mwana. "Iwe sunaname. Njovu nazonso zimati ndi njuchi."

Bambo a mwana anabwera akuthamanga, pepala lili kale m'manja. Mayiyo analiwerenga bwinobwino, mbali zonse, n'kuwabwezera ndi manja awiri.

"Pepala lanu ndi labwino, achimwene. Koma ili ndi la mumlengalenga. Muno mumafunikanso china, chochokera kwa akuluakulu a nkhalango ino. Mumalemba kudakali nthawi, kufotokoza chimene mukufuna kujambula. Akalola, amakuuzani malo oulutsira, ndipo mmodzi wa ife amayenda nanu. Si onse amene amaloledwa. Pageti pano sitipereka."

"Koma ndi boma lomwelo," anatero bambo a mwana.

"Boma ndi lomwelo, koma nyama ndi zina."

Anafotokoza kuti njovu, ukulu wonse uja, imaopa njuchi, chifukwa zimailuma m'chitamba ndi m'mbali mwa maso. Ikamva kulira kwa dironi imayesa kuti njuchi zabwera, ndiye gulu lonse limathawa ndi ana omwe. Ndipo njovu yothawa sisankha njira, ikhoza kudzera pamene paima galimoto ya anthu. Anatinso opha nyama mozemba amatha kugwiritsa ntchito tindege tomweto pofufuza pamene pali nyama, choncho kalikonse kouluka muno ayenera kukadziwa mwini wake.

Amalume anatsika, nakonza chipewa chawo. "Mwana wanga, ife ndi anthu aulemu. Tangotilolani pakamwa. Kamodzi kokha, pamwamba pa akwatiwa, basi. Tachokera kutali, ku Lirangwe."

"Malume, ine ndikhoza kulola pakamwa. Koma njovu ikamva bwanji kuti ndalola?"

Amalume anaseka, n'kukweza manja. Nkhani ya kuulutsa inathera pomwepo. Inatsala ya kumene njuchi ikhale, chifukwa ngakhale yozimitsa sankailola kulowa. Mayiyo anati ikhoza kutsala kuofesi, tikaitenge potuluka.

Apa ndiye bambo a mwana anauma. "Ayi. Chinthu ichi ndiye khasu langa. Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati ku Mdeka, anthu anandiuza kale kuti akufuna za kumwamba. Sindingasiyire munthu amene sindimudziwa." Ndinkawamvetsa. Anabwereketsapo kamera kwa mnzawo, inabwerako ndi batire lina lakutha, ndipo kuyambira pamenepo zida zawo sakhulupirira nazo munthu.

Mayiyo anayamba kunena za makabati okhoma osungiramo katundu wa alendo, koma iwo anali atatembenuka kale. Anayang'ana minibasi, anayang'ana ine.

"Mayi a mwana atsala nacho pano. Awa savuta."

"Alamu!" anatero msuweni wanga. "Ndiye kuti msuweni wanga wabwera kudzaona geti?"

"Tikamuonetsa pa vidiyo. Akaona zonse, mwinanso kuposa inu."

Palibe wina anatsutsa. Kunena zoona, analibe mtima woipa. Kwa iwo inali nzeru yachangu yoti ulendo usaonongeke. Ine ndinatsika ndi chikwama, ndinaveka mwana chipewa chake, ndinapereka botolo la madzi kwa msuweni wanga. Mwana sanalire n'komwe, anali atakwera kale pamiyendo ya mkwatibwi.

Minibasi sinanyamuke nthawi yomweyo. Inkadikira mlonda wina woti akwere nawo kuti aziwalondolera njira. Ine ndinakakhala pabenchi pansi pa mtengo wa bwemba, chikwama pamiyendo. Kupyola geti ndinkaona msewu wafumbi ukulowa m'tchire, ndi ndowe zazikulu zouma m'mbali mwake, zimene ndinadziwa kuti si za ng'ombe. Ndinadziuza kuti vidiyo nayonso ndi yabwino, koma sizinandilowe.

Mayi wa yunifomu uja anabwera nakhala mbali ina ya benchi. Anavula chipewa n'kudzikupiza nacho.

"Achemwali, inu mwabwera kudzaona chiyani?"

Tinali awiri okha, ndiye mawu anatuluka. "Njovu."

"Munaionapo?"

Ndinapukusa mutu.

"Dzulo zinali kumtsinje, gulu lalikulu, ndi kamwana kobadwa kumene." Anavalanso chipewa chake. "Ndimafuna kuwauza amuna anu za makabati. Koma azibambo akangomva kuti kusiya, makutu amatseka."

Ndinayang'ana chikwama chija, kenako ndinafunsa. "Kiyi amasunga ndani?"

"Mwini katundu."

"Palibe wina?"

"Wina ali ndi abwana, wotsekeredwa. Chibwerereni ine pano sanatulukepo."

"Ndingaone?"

Anandilowetsa m'chipinda chaching'ono kuseri kwa ofesi. Munali makabati achitsulo ondandalikana kukhoma, iliyonse ndi loko wake. Ina inali yokhoma kale. Anati muli dironi ya azungu ena amene analowa m'mawa, nawonso analibe chilolezo cha muno. Zimenezo zinandilimbitsa mtima, kuti si ife tokha a ku Lirangwe amene sitinkadziwa.

Chikwatiwire sindinagwirepo zida za bambo a mwana popanda iwo kundituma. Koma ndinkaona mmene amachitira akabwera ku ntchito. Ndinachotsa batire, chifukwa amati silifuna kukhala motentha, n'kuliika m'kachikwama kanga ka m'manja. Njuchi ndinaibwezera m'malo mwake, timapiko titapindidwa. Chikwama chonse ndinachikulunga ndi chitenje chapadera chimene ndinatengera mwana, ndinachilowetsa m'kabati, ndinakhoma. Ndinakoka chitseko kangapo. Kiyi ndinamumanga pansonga ya chitenje chimene ndinavala, mfundo pamwamba pa mfundo.

Potuluka ndinamva minibasi italira. Mlonda wolondolera anali atakwera kale. Mayi uja anakweza mkono kwa dalaivala kuti adikire, koma sanandiperekeze. Anangoti, "Pitani."

Kuchoka paofesi kufika paminibasi si patali. Nkhope zonse zinali m'mawindo. Bambo a mwana anatsegula chitseko, maso ali m'manja mwanga.

"Chikwama chili kuti?"

Dzanja langa linapita ku mpango mwachizolowezi. Ndinalibweza, n'kugwira nsonga ya chitenje.

"Chili m'kabati yachitsulo. Ndakhoma ndekha. Kiyi ndi uyu. Batire ndachotsa, lili muno."

"Wakuuzani ndani kuti mutero?"

"Palibe." Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Palibe. Ndikufuna ndikaone njovu."

Kenako amalume anatembenuka pampando wawo.

"Akamwini, mwamva? Mwana uyu ndamuona chibadwire, sanandipemphepo ngakhale siwiti mushopu. Lero wapempha njovu."

Anthu anaseka, koma bambo a mwana sanaseke. Anatsika, napita kuofesi. Ine ndinangoima padzuwa. Ndinkaganiza kuti akabwera ndi chikwama, ndibwerera pabenchi, ndipo manyazi ake adzakhala aakulu kuposa poyamba. Kenako ndinakumbukira kuti sangatsegule, kiyi ali ndi ine.

Anabwerako patapita kanthawi, akupukuta thukuta. Anayang'ana mfundo ya pachitenje changa.

"Mwamanga zolimba?"

"Eee."

"Kwerani. Inu anyamata sunthani uko, awa akhale kuwindo."

Tinalowa. Poyamba tinaona nswala zambiri, zofiirira, zoyera kumimba, zikutiyang'ana ngati ife ndiye nyama. Kenako njiri zinadutsa msewu zikuthamanga, michira ili chilili. Amalume anati, "Awo ndi achibale a nkhumba, tisawapatse moni," mwana n'kuwabayibitsa dala. Mlonda wolondolera anali bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, ankangoloza ndi chala, ife n'kumaona chinthu chimene timayesa chitsa chikugwedeza makutu.

Njovu sizinaoneke msanga. Tinayenda mpaka dzuwa kufika pamutu, tinaima pamalo ololedwa kutsika, tinadya mandasi ndi mpunga, azibambo anaswali pamthunzi. Bambo a mwana anajambula akwati ndi kamera ya m'manja atatsamira mlambe waukulu. Ankalankhula ndi aliyense kupatula ine. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndawakwiyitsa pachabe, njovu zomwezo osaziona.

Tikubwerera chakumtsinje, mlonda uja anagwira phewa la dalaivala. "Imani. Zimitsani."

Sindinaone kanthu poyamba. Ndinamva kuthyoka kwa nthambi, kwa! Kenako chimene ndinkayesa mthunzi wa mitengo chinasuntha. Inatuluka imodzi, yaikulu, khungu lake lamakwinya ngati dothi la padambo likauma. Inaima pamsewu kutsogolo kwathu, ikukupiza makutu. Pambuyo pake panatuluka ina, ndi ina, mpaka ndinasiya kuyang'ana uku ndi uku, ndinangosankha imodzi. Inali mbali yanga, pafupi moti ndinkaona nsidze zake, zazitali, zafumbi. Pansi pa mimba yake panali kamwana kaja, chitamba chake chikungolendewera ngati sikanadziwe ntchito yake. Kanayesa kutola kamtengo, kanagwetsa, kanapondapo.

Chimene chinandidabwitsa ndi mapazi. Chinthu chachikulu chotero chimayenda osamveka. Ng'ombe za kwathu zimasokosa kuposa pamenepo. Chimene chinkamveka ndi kugunda kwina kwapansipansi, kochokera m'kati mwawo, kofika mpaka pachifuwa panga. Panalinso fungo, ngati la khola ndi udzu wonyowa.

Mwana anachoka kwa mkwatibwi, nakwera pa ine. Anandinong'oneza kukhutu, "Amama, kali ndi amayi ake." Ndinati eee. Amalume, amene sakhala chete ngakhale pamaliro, anali atagwira pakamwa.

Bambo a mwana anali kumbuyo kwanga, kamera itatsamira paphewa langa chifukwa windo labwino linali langa. Ndinkamva mpweya wawo. Patapita nthawi anachotsa kukhutu kwawo kachingwe kamodzi komvetsera mawu a kamera n'kundiika ine. Kugunda kuja kunamveka kwambiri, ndi kutafuna, ndi kupuma.

"Njuchi sijambula mawu," ananong'ona. "Musagwedezeke, phewa lanulo likundithandiza."

Sindinagwedezeke mpaka yomaliza italowa m'tchire. Phewa linachita dzanzi, koma sindinanene.

Pageti potuluka, mayi wa yunifomu uja anali pompo. Sanandifunse ndi mawu, anangokweza nsidze, ine n'kugwedeza mutu. Tinalowa m'kachipinda kaja ndi bambo a mwana. Mfundo inali italimba ndi thukuta, zala zinakanika, mpaka ndinamasula ndi mano iwo akudikira. Anatulutsa njuchi, anayang'ana kapiko kalikonse, anapukuta diso la kamera ndi malaya. Zonse zinali bwino. Kenako anafunsa mayiyo kuti munthu akafuna chilolezo cha muno amalembera kwa ndani, ndipo amayamba kudakali nthawi yotani. Anamvetsera mpaka kumapeto ulendo uno.

Analembadi titabwerera ku Chileka. Anawayankha mwaulemu kuti za maukwati salola, ndipo iwo anangoti chabwino. Ukwati wa ku Mdeka anajambula ndi za kumwamba zomwe. Vidiyo ya msuweni wanga ilibe za kumwamba, koma amalume amaionetsa mushopu kwa aliyense wogula amene wachedwa kutuluka. Pamene pali njovu, pakona yachithunzi pamaoneka kansalu kobiriwira. Ndi mpango wanga. Makasitomala sadziwa, ndipo ine ndikapita ku Lirangwe sindiwauza, ndimangoima kumbuyo n'kuonera nawo.